Chilonda Chikakana Kupola, Atsogolere Ndani?

Chilonda chimene chatha miyezi itatu chisanapole chimalanda munthu zinthu zambiri mwakachetechete. Nsapato imayamba kukana. Bandeji yomanga m'mawa imakhala itanyowa dzuwa lisanafike paliwombo, kafungo kamayamba kumveka, mwini wake n'kusiya kupita kutchalitchi, m'basi n'kumasankha mpando wakumbuyo. Ngati ntchito yake ndi yoimirira tsiku lonse, monga ulonda, kuphika kapena kusita, abwana amayamba kuwerenga masiku amene wajomba. Zilonda zotere sizipha msanga, n'chifukwa chake sizimveka pa wailesi, koma zimadya ndalama, nthawi ndi ulemu wa munthu, ndipo zina zimakathera pa kudula mwendo.

Titenge chitsanzo cha Table View, dera limene lili kumpoto kwa mzinda wa Cape Town ku South Africa, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, pamalo pamene phiri la Table limaoneka lonse litakhala tsidya lina la madzi. Kuno, komanso ku Parklands, Sunningdale ndi Bloubergstrand, kuli anthu ambiri opuma pantchito, ena okalamba kwambiri osatha kudzuka okha. Amene ali pa sikimu ya zachipatala amapita ku Netcare Blaauwberg kapena ku Mediclinic Milnerton, ndipo angathe kulipira namwino woima payekha wodziwa za zilonda, wowayendera kunyumba ndi chikwama chake. Makilomita ochepa chabe kuchoka pamenepo, kufupi ndi msewu wa N7, kuli Dunoon, ndipo cha ku Milnerton kuli Joe Slovo Park. Uko n'kumene kumagona ambiri mwa osamalira maluwa, oyeretsa m'nyumba ndi odwazika okalamba aja, ndipo Amalawi pakati pawo ngochuluka. Iwo chilonda chikavuta amakakhala pamzere pa chipatala cha boma cha Du Noon, chikakula n'kutumizidwa ku New Somerset ku Green Point kapena ku Groote Schuur. M'dziko lonse la South Africa, amene ali pa sikimu sakwana mmodzi mwa anthu asanu.

Kwa olemera ndi kwa osauka komwe, munthu amene amachiona chilondacho sabata ndi sabata ndi namwino. Dokotala amachiona mwa apo ndi apo. Wa opaleshoni amachiona zinthu zitafika kale poipa. Komabe m'zipatala zambiri mphamvu yogamula ili ndi amene amachiona kamodzikamodzi, ndipo amene amachidziwa amangouzidwa kuti atsuke, amange, wodwala abwerenso Lachinayi. Ine ndimaona kuti dongosololi ndi lozondoka, ndipo miyendo yambiri yatayika nalo.

Kuti zimveke bwino, tiyambe ndi chimene chimaletsa chilonda kupola. Bala la munthu wathanzi limadzitseka lokha m'masabata ochepa. Likakana, pali china pansi pake chimene chikulibweza m'mbuyo. Pa zilonda za m'miyendo, gwero lofala kwambiri ndi mitsempha yobweza magazi kumtima imene yafooka, moti magazi amadikha kumunsi, mwendo n'kutupa, khungu n'kuda, kenako n'kuphulika pamwamba pang'ono pa akakolo. Chilonda choterechi chimatulutsa madzi ambiri, ndipo mankhwala ake enieni ndi kumanga mwendo mothina kuyambira kuzala mpaka pansi pa bondo kuti magazi akwere. Gwero lina ndi mitsempha yopititsa magazi kuphazi imene yatsekeka, makamaka kwa osuta fodya ndi odwala shuga. Munthu wotere amamva ululu usiku mpaka kulendewetsa mwendo m'mbali mwa bedi kuti apezeko tulo. Mukamanga mothina mwendo umenewu, mwatseka kamagazi kochepa kamene kanatsala, ndipo phazi likhoza kuwola. Zilonda ziwirizi zingafanane m'maso mwa wosaphunzira, koma chochiza chimodzi chimapha chinzake.

Palinso phazi la wodwala shuga, limene lachita dzanzi moti msomali ungalowe mu nsapato iye osamva kanthu. Chilonda chake chimabwera pamene amapondera, ndipo sichipola ngati akupondabe pomwepo, ngakhale muikepo mankhwala okwera mtengo chotani. Malipoti a bungwe la Statistics South Africa akhala akusonyeza kuti shuga ndi matenda amene akupha amayi ambiri m'dzikoli kuposa ena onse, ndipo ku Western Cape ali patsogolo pa matenda opha anthu. Ndiye pali zilonda za ogona malo amodzi nthawi yaitali, za pachidendene, m'chiuno ndi kumunsi kwa msana. Zina, zochepa koma zoopsa, ndi khansa imene yabisala ngati chilonda wamba.

Kumanga chilonda osapeza gwero lake kuli ngati kukolopa m'nyumba denga likudonthabe. Choncho ntchito yoyamba ya gulu losamalira zilonda ndi kufufuza, ndipo chida chake chachikulu ndi kamakina kotchedwa Doppler, kokwana m'thumba la yunifolomu. Wodwala amagona chagada kwa mphindi khumi kapena kuposerapo kuti thupi likhazikike. Namwino amamanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono, n'kupaka mafuta oterera pamtsempha, n'kukhazikapo kansonga konga cholembera. Makina amayamba kulira, fuu, fuu, fuu, mogwirizana ndi mtima. Amapopa lamba mpaka phokoso litazima, n'kumasula pang'onopang'ono, n'kulemba nambala pamene labwerera. Amatero mikono yonse iwiri, kenako pa akakolo, atakuta chilonda ndi pulasitiki kuti lamba asadetsedwe. Nambala ya kumwendo akaigawa ndi ya kumkono imauza zochita. Ikafika 0.8 kapena kupitirira pang'ono, mwendo ungamangidwe mothina. Ikatsika pansi pa 0.5, wodwala apite msanga kwa dokotala wa mitsempha. Namwino wozama amadziwanso kuti kwa odwala shuga mitsempha imauma, nambala n'kukwera monamiza, ndiye samangokhulupirira makina, amagwira phazi, kuona mtundu wa zala ndi kumvetsera kalilidwe ka phokosolo. Zonsezi zimadya pafupifupi theka la ola. M'chipinda chomangira mabala chimene panja pake pali anthu odzaza benchi, theka la ola silipezeka pokhapokha wina waudindo atalamula kuti lipezeke.

Mbiri ya ntchitoyi ikusonyeza kuti anamwino akhala akutsogolera kwa nthawi yaitali, kungoti dzina silinkaperekedwa. Mu 1962 Doreen Norton, namwino wa ku Britain, adatulutsa njira yoyezera amene ali pachiopsezo cha zilonda za pogona, ndipo kafukufuku wake adasonyeza kuti kutembenuza wodwala pafupipafupi kumaziteteza. Chaka chomwecho wasayansi George Winter adasonyeza, poyesa pa nkhumba, kuti bala lokutidwa ndi kusungidwa lachinyezi limapola msanga kuposa losiyidwa kuti liume ndi kuchita nkhanambo, mfundo imene mpaka lero imavuta kuilandira kwa ife amene tidakula tikuuzidwa kuti bala lipitidwe mphepo. Mu 1985 namwino wina, Judy Waterlow, adapanga khadi loyezera chiopsezo limene likugwirabe ntchito m'zipatala zambiri.

Umboni wolimba wa zimene zimachitika anamwino akapatsidwa mphamvu udachokera ku London. Christine Moffatt ndi anzake, mogwirizana ndi madokotala a mitsempha a pa chipatala cha Charing Cross, adatsegula makiliniki a zilonda za m'miyendo m'dera la Riverside. Anamwino ankayeza ndi Doppler, kumanga bandeji ya magawo anayi, ndi kutumiza kwa dokotala okhawo ofunika. Zotsatira zidasindikizidwa mu 1992. Makilinikiwa asanayambe, zilonda 22 pa 100 zinkapola m'masabata 12. Atayamba, zilonda za mitsempha yofooka zopola m'nthawi yomweyo zidafika 69 pa 100, ndipo pofika masabata 24 zidafika 83 pa 100. Ku Ottawa m'dziko la Canada, kafukufuku wotsogozedwa ndi Margaret Harrison, wotuluka mu 2005, adapeza kuti gulu la anamwino ophunzitsidwa litayamba kutsata njira imodzi, zilonda zopola m'miyezi itatu zidakwera kuchoka pa 23 kufika pa 56 pa 100. Palibe mankhwala atsopano amene adatulukira pakatipo. Chidasintha ndi amene ankagamula, ndi mmene ntchito idakonzedwera. Ellie Lindsay, namwino woyendera odwala m'midzi ya ku Suffolk, adaonjezapo mbali ina mu 1995 poyambitsa makalabu kumene anthu a zilonda amamangidwira pamodzi mu holo ya m'mudzi, akumwa tiyi ndi kucheza, chifukwa adaona kuti manyazi ndi kusungulumwa zimabwezanso chilonda m'mbuyo.

Ngakhale kumene njirayi idabadwira, kuiiwala n'kosavuta. Kafukufuku wa Julian Guest ndi anzake adapeza kuti ku Britain, m'chaka cha 2012 mpaka 2013, anthu 16 okha pa 100 a zilonda za m'mwendo kapena kuphazi ndiwo adalembedwa kuti adayezedwa ndi Doppler. Dziko lolemera, zida zilipo, koma popanda munthu mmodzi woyankhapo, aliyense ankaganiza kuti mnzake wayeza kale.

Apa ndi pamene utsogoleri wa namwino umatanthauza kanthu kogwirika. Ndi iye amene amaonetsetsa kuti chilonda chilichonse chatsopano chafufuzidwa gwero lake, chayezedwa m'litali ndi m'lifupi, chajambulidwa wodwala atavomereza, ndipo zalembedwa pamalo amodzi pamene aliyense angaziwerenge. Pali muyezo umene akatswiri amautsata: chilonda chimene sichinachepe mooneka m'masabata anayi a chisamaliro choyenera sichidzapola pa nthawi yake, ndipo pafunika kuima, kuganizanso. Mwina gwero lidaphonyedwa. Mwina pali tizilombo tafika ku fupa. Mwina pafunika kudula kanyama kukayeza khansa. Wina ayenera kukhala ndi mphamvu yonena kuti basi, tamanga mokwanira, munthuyu aonedwe ndi wa opaleshoni sabata ino, ndipo mawu akewo amveke kuchipatala chachikulu popanda wodwala kuyambiranso mzere kwa dokotala wina amene sanachionepo chilondacho. Mphamvu yotumiza imeneyi ndiyo mtima wa nkhani yonse. Namwino amene alibe mphamvuyi ali ndi dzina chabe la utsogoleri.

Ndi iyenso amene amagamula cholinga. Si chilonda chilichonse chingapole. Gogo wa zaka 90 amene mitsempha yake yatsekeka, ndipo opaleshoni singatheke, sapindula ndi kukandidwa chilonda sabata iliyonse. Iye afunika ululu uchepe, fungo lithe, tizilombo tisalowe, agone tulo. Kufotokozera banja zimenezi mwaulemu, ana ake akufuna kumva kuti amayi achira, ndi ntchito yolemera kuposa kumanga bandeji iliyonse, ndipo amaitha bwino munthu amene banjalo lamuzolowera.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zomveka. Madokotala ena amaopa kuti namwino angaphonye matenda obisika, kapena kudula nyama yakufa mopitirira luso lake. Zimenezi zimachitikadi pamene munthu wangopita ku maphunziro a masiku awiri n'kubwera atadzitcha katswiri. Palinso nkhani ya makampani ogulitsa zomangira mabala, amene amalipirira maphunziro ambiri a zilonda, n'kuchititsa kuti ena azithamangira chomangira chatsopano m'malo mofunsa gwero. Mtsogoleri wabwino amachepetsa mitundu ya zinthu mu kabati, n'kusunga zochepa zimene aliyense akuzidziwa ntchito yake. Koma dandaulo lalikulu limachokera kwa anamwino eni ake: kuti mawu okoma a utsogoleri nthawi zambiri amabisa kuwasenzetsa katundu amene ena akumuthawa, popanda malipiro, nthawi kapena anthu oonjezera. Dandaulo ili ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse.

South Africa idaphunzirapo kale phunziro lofanana. Mu 2010 boma lidalola anamwino ophunzitsidwa kuyambitsa odwala pa ma ARV, ndipo kafukufuku wa STRETCH wa ku Free State, wosindikizidwa mu 2012, adasonyeza kuti zimenezi zingachitike bwino popanda kuika odwala pangozi. Kwathu ku Malawi tidaziona ku Thyolo ndi m'maboma ena, kumene anamwino ndi azachipatala ena osakhala madokotala adasenza ntchitoyi. Koma zidatheka chifukwa panali buku limodzi la malangizo, maphunziro, wowayendera ndi kuwathandiza, ndiponso njira yodziwika yotumizira odwala ovuta. Zilonda zikufuna zinthu zomwezo.

Maziko alipo. Dziko la Cape lidayamba kulembetsa anamwino mwalamulo mu 1891, loyamba padziko lonse, chifukwa cha khama la Henrietta Stockdale wa ku Kimberley, ndipo mu 1908 Cecilia Makiwane adakhala mayi wakuda woyamba kulembedwa ngati namwino kumeneko. Lero ntchitoyi imayendetsedwa ndi lamulo la anamwino la 2005, limene ndime yake 56 imalola namwino wopatsidwa chilolezo kuyeza, kupeza matenda ndi kulemba mankhwala ena. Bungwe la Wound Healing Association of Southern Africa limasonkhanitsa anamwino, madokotala ndi ena ogwira ntchito ya zilonda, ndipo limatulutsa magazini ndi malangizo. Maphunziro a zilonda ophatikiza magulu osiyanasiyana a azachipatala, amene adayambira ku yunivesite ya Toronto, adafikanso ku yunivesite ya Stellenbosch. Chosowa ndi anthu pamalo oyenera. Akatswiri a mapazi amaphunzitsidwa pa yunivesite imodzi yokha m'dziko lonse, ya Johannesburg, ndipo ambiri amagwira ntchito m'zipatala zolipira. Ndiye kuti pa chipatala cha boma phazi la wodwala shuga liyang'anidwa ndi namwino, apo ayi siliyang'anidwa konse. Kuyeza kwake n'kophweka: kuvula nsapato ndi masokosi onse awiri, kusuzumira pakati pa zala, kugwira mitsempha, ndi kugunda phazi ndi kaulusi kolimba kopindika pa mphamvu ya magalamu 10, wodwala atatsinzina, kuti anene pamene akumva.

Pali membala wina wa gulu losamalira zilonda amene salembedwa m'mabuku, ndipo ku Table View nthawi zina amakhala Mmalawi. Ndi mayi kapena bambo wodwazika wokalamba m'nyumba, amene amamusambitsa, kumusintha thewera, kumutembenuza usiku. Namwino amabwera kawiri pa sabata, iye amakhalapo maola onse. Ndi iye amayamba kuona kuti chidendene chafiira ndipo kufiirako sikuchoka akadinapo ndi chala, kuti agogo asiya kumaliza chakudya, kuti shiti yanyowa kawiri usiku umodzi. Namwino wanzeru akalowa m'nyumba amayamba wafunsa munthu ameneyu zimene waona, n'kumuphunzitsa kuika pilo pansi pa katumba kuti chidendene chilendewere osakhudza matiresi, n'kumusiyira nambala yoti aimbe popanda kuopa abwana. Chilonda chikabuka, mlandu umagwera wodwazika mosavuta, ndipo ntchito ikhoza kutha tsiku lomwelo. Namwino amene walemba bwino zonse angateteze wodwala ndi wantchito yemwe.

Chizindikiro cha kufiiracho chili ndi vuto lake. Mabuku ambiri adalembedwa poyang'ana khungu loyera. Pa khungu lakuda malo ovulala safiira: amada kuposa malo ozungulira, amatentha kapena kuzizira mosiyana, amauma kapena kufewa. Namwino wogwira ntchito ku Dunoon ayenera kuphunzitsa gulu lake kuona ndi manja, pamalo owala bwino, apo ayi chilonda cha munthu wakuda chidzapezeka mochedwa nthawi zonse.

Ndipo wodwazika uja naye angadwale. Mayi wa ku Dunoon wa chilonda cha m'mwendo akauzidwa kuti azikweza mwendo masana, malangizowo ndi oona, koma tsiku limene sanapite kuntchito salandira kanthu, lendi ikudikira, ana kumudzi akudikira fizi. M'miyezi ya mvula ya ku Cape Town, cha mu June mpaka August, madzi amalowa m'zisakasa za malata, ndipo bandeji yoti ikhale sabata yathunthu imanyowa popita ku mpopi. Mtsogoleri amene amadziwa moyo umenewu amakonza nthawi ya odwala a zilonda kuti asathere tsiku lonse pamzere, amauza wodwala mmene angatetezere bandeji, amagwirizana ndi ogwira ntchito zaumoyo oyendera m'makomo kuti amene wajomba atsatiridwe. Amafunsanso mosanyoza zimene munthu waikapo kale. Ena amapaka GV, ena amatsegula kapisozi n'kuthira ufa wake pabala, ena amakhulupirira kuti adapondetsedwa ndipo ayamba apita kwa asing'anga. Munthu akakalipiridwa tsiku loyamba sabweranso, kapena amabwera koma osaulula, ndipo namwino amangodabwa kuti khungu lozungulira likupsa ndi chiyani. Ndime 27 ya malamulo aakulu a South Africa imapereka ufulu wolandira chithandizo cha zaumoyo kwa aliyense, koma mlendo wopanda mapepala amachedwa kupita kuchipatala chifukwa cha mantha, ndipo kwa phazi la shuga masabata awiri ochedwa angasiyanitse kudula chala ndi kudula mwendo.

Amalawi ambiri matenda akakula amasankha kubwerera kumudzi. Ulendo wa basi kuchokera ku Cape Town kudzera ku Johannesburg mpaka ku Mangochi, Mzimba kapena Nkhata Bay ndi wa masiku angapo, miyendo ili lende, bandeji yosasinthidwa. Akafika, wachipatala wa kumudzi amalandira chilonda chopanda mbiri, n'kuyambiranso pachiyambi, mwina popanda Doppler. Namwino wa ku Cape Town amene akudziwa kuti wodwala wake akunyamuka angamumange bwino tsiku lonyamuka, kumupatsa zomangira za panjira, kumuuza kuti aziyendayenda basi ikaima, ndi kumulembera kalata ya tsamba limodzi: gwero la chilonda, nambala ya Doppler ndi tsiku loyezera, kukula kwake, mmene shuga alili, mankhwala amene akumwa, zimene zidayesedwa n'kukanika, ndiponso ngati mwendowo ungamangidwe mothina kapena ayi. Kalatayo wodwala aipinde m'buku lake la kuchipatala, ndipo aijambulenso pa foni kuopa kuti ingatayike pa malire a Beitbridge kapena Mwanza.